Za Njoka ya pa Chisumbu, ndi Funso la Mkulu wa ku Mbayani

M'dzinja lapitali ndinali kutsika njira ina ya ku Mbayani, yopita kukhwawa kumene amai alima timinda ta chimanga pakati pa nyumba, ndipo ndinakomana ndi anyamata anai atanyamula mphiri pa ndodo, mutu wache utaphwanyika ndi miyala. Ana ambiri anali kuwatsata ndi kufuula, ndipo amai anatuluka m'nyumba nawayamika. Inenso ndinawayamika, pakuti pamene anaiphera njokayo mpamene tiana timasewera madzulo tilibe nsapato. Koma mkulu wina wokhala pakhonde anandiitana nati, "Bambo, inu mumawerenga mabuku. Ndamva pa wailesi kuti kuli dziko lina kumene asilikali alonda njoka kuti anthu angaziphe. Kodi anthu amenewo mitu yao ili bwino?" Ndinaseka pamodzi nao, koma funso lao linanditsata kufikira kunyumba, ndipo ndaona kuti silili funso lopepuka.

Poyamba ndinene kuti zimene anamva mkuluyo nzoona. M'nyanja yaikulu ya mchere, makilomita oposa 30 kuchokera ku gombe la dziko la Brazil, muli kachisumbu kochedwa Queimada Grande. Kukula kwache ndi mahekitala 43 okha, ndiwo malo amene munthu angawazungulire asanamve njala. Pamenepo pakhala njoka yachikasu, ya mutu wosongoka ngati mkondo, imene akatswiri aicha Bothrops insularis. Ndipo pa dziko lonse lapansi palibenso thengo lina kumene ipezeka. Ili ya banja la njoka zokhala ndi tizibowo pakati pa diso ndi mphuno, timene zimamvera kutentha kwa thupi la nyama ngakhale mumdima. Banja limeneli kuno ku Africa kulibe, ngakhale mphiri yathu ili mbale wache wakutali. Akatswiri ati zaka ngati 11,000 zapitazo madzi a m'nyanja anakwera nadula phirilo ku mtunda, njokazo zinatsala pomwepo. Popeza panalibe mbewa kapena makoswe, zinaphunzira kukwera m'mitengo ndi kulalira mbalame zapaulendo zotera kudzapuma.

Anthu anayesa kukhalapo. Dzina lija Queimada litanthauza kutentha, chifukwa ena anayatsa nkhalango pofuna kubzala nthochi. Mu 1909 anamangapo nsanja ya nyali younikira zombo, ndipo pambuyo pache anaikonza kuti iziyaka yokha, mlonda nachokapo. Lero ankhondo a pamadzi a ku Brazil saloleza munthu kuponda pamenepo wopanda kalata, ndipo opitako kawirikawiri ndiwo akatswiri owerenga njokazo. Owerengawo apeza kuti zatsala pakati pa 2,000 ndi 4,000, ndipo zalembedwa m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Zozichepetsa ndizo kuonongeka kwa nkhalango, akuba ozigwira mobisa kukagulitsa kwa olemera okonda kuweta zachilendo, ndi kuswana pachibale kumene kufooketsa mbumba. Moto umodzi waukulu m'chilimwe ukhoza kutsiriza mtundu wonse.

Tsono funso ndi ili: kodi nkoyenera kuti anthu ataye ndalama ndi nchito posunga chinthu chimene chikakuluma chifuna kukupha? Sitiyenera kuliyankha mofulumira monga achitira ena amene sanaonepo mwendo wotupa ndi ululu wa mphiri. Bungwe la World Health Organization liti chaka ndi chaka anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa ndi njoka pa dziko lapansi, ndi ena ochuluka koposa amatsala opunduka. Ndipo mu 2017 linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a maiko otentha. Akufawo sali eni magalimoto iai. Ali alimi, abusa a ng'ombe, amai otola nkhuni ndi ana. Munthu wouza mai wotere kuti akonde njoka ayambe waona manda a mwana wache.

Yankho loyamba limene anthu ophunzira akonda kupereka ndi la phindu, ndipo lili ndi mphamvu ndithu. Njoka ya pachisumbuyo ili ndi mbale wache wa kumtunda wochedwa jararaca, amene aluma alimi ambiri a ku Brazil. Mu 1965 sing'anga wina wa komweko, Sérgio Ferreira, anaonetsa kuti m'ululu wa jararaca muli kanthu kofewetsa mitsempha ya mwazi. Ena anatenga nzeruyo napanga mankhwala ochedwa captopril, amene analoledwa ku America mu 1981, ndipo pa iwo panaphuka banja lonse la mankhwala otsitsa kuthamanga kwa mwazi, amene akulu athu ambiri a m'Blantyre ndi m'Limbe akumwa m'mawa uli wonse. Ndiponso mankhwala ochiza wolumidwa sapangika popanda ululu wa njoka. Nyumba ya Butantan ku São Paulo yakhala ikuweta njoka chifukwa cha nchito imeneyi kuyambira 1901. Ngakhale mphiri ija ya ku Mbayani inali pa nchito yache, yakudya makoswe amene atha chimanga m'matumba.

Koma ine ndiona kuti yankho ili, ngakhale lili loona, likhala ngati nyumba yomangidwa pa nsichi imodzi. Pakuti tikati tisunge chinthu chifukwa chitipindulitsa, tavomera kale kuti chopanda phindu chife. Nanga akatswiri akadzasanthula ululu wonse wa njoka yachikasuyo napeza kuti mulibe mankhwala, kodi pamenepo tidzati, Yatsani chisumbucho? Ndipo ndani adziwa phindu la chinthu nthawi yache isanafike? Makolo a Ferreira anapha jararaca zaka mazana osadziwa chimene chinali m'mano mwache. Muyeso wa phindu ndi muyeso wa munthu wa lero, amene aona pafupi pokha; ndipo ndiopa muyeso umenewu, chifukwa tikauzolowera pa nyama sutenga nthawi kuti tiuyese pa nkhalamba ndi pa opunduka.

Chimene ndiyesa chenicheni ndi ichi, kuti kupha njoka ndi kutha mtundu wa njoka zili nchito ziwiri zosiyana, ngakhale zifanana pamaso. Anyamata aja anapha mphiri imodzi kuti ateteze abale ao, ndipo sanalakwe. Mphiri zina zikali m'thengo kuyambira kuno kufikira ku Senegal ndi ku Cape, ndipo chaka chamawa zidzaswa. Chimene anachotsa dziko lidzabwezera. Koma wotsiriza mtundu achotsa chimene palibe mfumu kapena boma kapena sing'anga angachibwezere, ndipo sachichotsa kwa ife tokha komanso kwa onse osabadwa, amene sanafunsidwe. Makolo athu anadziwa kusiyana kumeneku pa zinthu zina. Mai wa nzeru, ngakhale njala ikule bwanji, sakazinga mbeu yotsiriza. Ndipo wogwira nkhuku ya alendo sagwira thadzi lofungatira. Sanali kutero chifukwa chokonda nkhukuyo. Anadziwa kuti munthu aloledwa kudya za m'nkhokwe, koma nkhokweyo si yache yekha.

Palinso ichi chondivuta mtima: njoka ya pachisumbu sinapite kwa munthu. Ilibe mudzi woyandikana nao, ilibe mwana woti imlume panjira. Munthu ndiye anapalasa ngalawa makilomita 30 kukaitentha m'nyumba mwache. Mlandu wotere ukafika pabwalo la mfumu, sindikhulupira kuti wolipa akanakhala njoka.

Wina adzati, Zimenezo nza ku Brazil, ife zitikhudza bwanji? Koma zisumbu sizikhala m'madzi mokha. Phiri lokhala ndi nkhalango pakati pa minda lili chisumbu kwa zamoyo za pamenepo, pakuti sizingathe kuoloka. Ku mapiri a Malawi Hills, m'boma la Nsanje, kuli kananzikambe kakang'ono ngati chala, kamene kanalembedwa m'mabuku mu 1992, ndipo kwao nkomweko basi. Nkhalango yache yambiri yadulidwa, kotero kuti ena anayesa kuti kanatha, kufikira akatswiri anakapezanso mu 2016 m'tizigamba ta mitengo totsala. Nanzikambe saluma munthu, koma ambiri a ife timuopa ndi kumponya miyala chifukwa cha nthano ya imfa. Pa phiri la Mabu ku Mozambique, kum'mawa kwa Mulanje, mu 2009 analemba njoka yaing'ono yaululu imene dziko silinali kuidziwa. Ndipo ife a m'Blantyre tili ndi mboni pamaso pathu: akulu akumbukira phiri la Ndirande lili ndi mitengo, ndipo zimene zinali kukhala m'menemo palibe anaziwerenga zisanachoke. Michiru yatsala ngati chisumbu pakati pa nyumba zathu, ndipo makala amene tiphikira ku Mbayani sagwa kuchokera kumwamba.

Sindinena izi kuti nditsutse wosauka wootcha makala, pakuti inenso ndigula thumba lache. Ndipo apa pali ngongole imene osunga zamoyo saikumbukira kawirikawiri. Ngati dziko lonse lifuna kuti njoka zikhalepo, dziko lonse lithandize kusenza mtolo wache. Pasakhale kuti wa ku mzinda akondwera ndi chithunzi cha njoka, wa kumudzi nalipira ndi mwendo wache. Wopempha mlimi kuti aleke nkhalango aonetsetse kuti mankhwala a wolumidwa ali pafupi ndi mudzi wache, ndi kuti ali ndi china chophikira. A ku Brazil nchito yao njopepuka, chifukwa nyanja iwamangira mpanda kwaulere. Ife mpanda wotere tilibe.

Patapita masiku ndinabwerera kwa mkulu uja ndi kuwafotokozera zonsezi. Za mbeu yotsiriza anangogwedeza mutu nati, "Ya pachisumbuyo aisunge, koma ikadzalowa m'nkhuni zanga, bambo, mudzandikhululukire." Sindinawatsutse. Koma nditanena za mankhwala a mwazi anadzuka nalowa m'nyumba, nabwera ndi kapepala ka mapiritsi ao kuti ndiwawerengere dzina. Panalembedwa enalapril, ndiye mng'ono wache wa captopril. Anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali, naitana akazi ao kuti nawonso adzamve.