Mtondo Susankha Chimene Ukusinja

Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, minsi ikulandizana, ngakhale wodutsa panjira amayamba kuponda motsata kugundako. Mawu a omenyera ufulu amatero. Wolankhula amaponya mawu, khamu n'kuwalandira, iye n'kuwaponyanso, mpaka munthu wamantha amangozindikira kuti nayenso akufuula.

Akuluakulu athu a ku Mandimba anamva kugunda kumeneku mbali zonse ziwiri za malire. Kutsidyaku, kupitirira Chiponde, Kamuzu atabwerera mu 1958 ankafuula kuti "Kwacha!" Sankachita kutalikitsa nkhani ya Chitaganya, pakuti aliyense amaudziwa usiku, amaudziwanso m'bandakucha. Kuno kwathu, mu 1975, Samora Machel anayenda ulendo wa kuchokera ku Rovuma mpaka ku Maputo. Mitsinje iwiri basi, koma Myao, Mmakuwa ndi Mnyanja anadziona ali m'munda umodzi. Nakonso ku Washington mu 1963, Martin Luther King anabwerezabwereza za loto lake, ndipo lotolo analiveka nkhope: ana ake anayi, mapiri a ku Georgia.

Chimene chimandisowetsa mtendere ine ndi ichi. "Abaixo!" yemwe uja ankanyoza atsamunda anafuulidwanso mu 1983, pamene anthu otchedwa osagwira ntchito ankatoledwa m'mizinda n'kudzasiyidwa kuno ku Niassa, kutali ndi abale awo. "Kwacha!" ankamvekabe pamene anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Amene ankayankhira pamisonkhano imeneyo sanali anthu oipa ayi, ena ndi agogo athu omwe, ndipo mawuwo ankakomabe m'kamwa monga kale.