Kodi Inafiirira Yani?

M'Nyanja Yofiira, ndi m'madzi ofunda a nyanja yamchere kuyambira ku magombe a Mozambique kunka kum'mawa kufikira ku zilumba za Hawaii, mumakhala nsomba ina imene Angerezi anaipatsa dzina la gologolo, ndipo akatswiri a zamoyo amailemba kuti Sargocentron spiniferum. Nsomba yofiira psuu, ya mamba aakulu okhakhala amene m'mphepete mwake mumayera ngati siliva, ya zipsepse zachikasu ndi maso aakulu onga a kadzidzi, imene ikakula imafika masentimita 50, kotero kuti pa abale ake onse a banja la Holocentridae palibe woiposa msinkhu. Pa tsaya lake pamatuluka munga wautali wonga lupanga, wokhala ndi ululu, umene msodzi wogwira mosasamala amaukumbukira masiku ambiri.

Dzuwa likamawala, nsomba imeneyi imabisala m'mapanga ndi pansi pa matanthwe, ili duu m'madzi ngati mlonda wodikira nthawi yake. Ndipo mdima ukagwa m'pamene imatuluka kukasaka nkhanu ndi tinsomba ting'onoting'ono, nthawi zina ikulira ndi mawu ogunda amene imawatulutsa pogwedeza kathumba ka mpweya kamene kali m'mimba mwake. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi ichi: madzi amameza kuwala kwa dzuwa pang'onopang'ono, ndipo kuwala kofiira ndiko kumayamba kumezedwa, mwakuti munthu akangomira mamita owerengeka, chinthu chofiira chimaoneka chotuwa, ndipo akatsikirabe chimadereratu. Omira m'nyanja akasuzumira m'phanga amangoona chithunzithunzi chakuda chokhala ndi diso. Akayatsa nyali, pomwepo chithunzithunzi chija chimayaka ngati khala la moto limene munthu waliuzira, ndipo akazimitsa chimabwerera ku mdima wake. Makolo anati mdima wa dzinja unakwatitsa mkazi wonyansa. Koma kuno mdima wabisa mkwatibwi wovala zachifumu.

Nanga tsono inafiirira yani? Anzeru a sukulu adzayankha kuti kufiirako ndiko chofunda chake, pakuti m'madzi mmene kufiira sikuoneka, wofiira ndiye wobisika, ndipo adani ake amamupitirira osamuona. Yankho limeneli ndi loona, ndipo ndikulilandira ndi manja awiri. Komatu likukuza funso langa m'malo molithetsa, popeza likundiuza kuti chimene maso anga amachitcha ulemerero, kwa mwini wake ndi pobisalira, ndi kuti ine, amene ndinaleredwa ndi maganizo akuti dziko lonse linayalidwa ngati mphasa kuti mwana wa munthu akhalepo, sindinawerengedwe konse pamene mtundu wa mamba amenewa unkasankhidwa.

Tili ndi chizolowezi, ife anthu, choyesa kulemera kwa chinthu ndi kuchuluka kwa maso ochiona, ndipo chizolowezi chimenechi tachilowetsa ngakhale m'kupembedza kwathu, kufikira kuganiza kuti Namalenga analenga zokongola kuti ife tiziombera m'manja. Buku la Yobu, pa mitu 38 ndi 39, limatsutsa kudzikuza kumeneku poyera. Pakuti Mphambe poyankha munthu wosweka mtima uja kuchokera m'kamvuluvulu, sanamufotokozere chifukwa cha masautso ake, koma anamuonetsa mvula imene imagwa m'chipululu mopanda munthu, ndi kupitiriza ndi nyama zakuthengo zimene zimaswana popanda mbusa woziwerenga. Kale ndinkaona ngati yankho limeneli ndi louma mtima. Tsopano ndikuona kuti mmenemo muli chitonthozo chachikulu, chifukwa ngati Wamphamvuyonse amaveka nsomba ya m'phanga mwinjiro umene palibe diso la pansi pano louyamikira, ndiye kuti nayenso wamasiye wolima yekha kuseri kwa phiri, amene kukhulupirika kwake sikudzatchulidwa pa bwalo lililonse, ali ndi Womuona.

Ngakhale mbiri ya dzina la nsombayi ili ndi mdima wake. Amene anayamba kuilemba m'mabuku a akatswiri ndi Peter Forsskål, wophunzira wa katswiri wa zamoyo Linnaeus, amene m'chaka cha 1761 ananyamuka ndi anzake asanu pa ulendo wa ku Arabia wotumidwa ndi mfumu Frederick V ya ku Denmark. Podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mnyamatayo anasonkhanitsa nsomba za m'Nyanja Yofiira imodziimodzi, nalemba maonekedwe ake, naumitsa zikopa zake pa mapepala monga mmene anthu amaumitsira masamba a zomera. Koma malungo anamugwira, ndipo anamwalira ku Yarim, m'dziko la Yemen, m'chaka cha 1763, ali ndi zaka 31 zokha. Mwa asanu ndi mmodzi aja, amene anabwerera kwawo ndi Carsten Niebuhr yekha, ndipo ndi iyeyo amene, posafuna kuti thukuta la mnzake lipite pachabe, anasindikiza zolemba zake mu 1775, mwini wake atagona m'manda a chilendo zaka 12.

Zikopa zouma zimene Forsskål anasonkhanitsa zikusungidwabe ku Copenhagen, ngakhale kuwala kwake kunafwifwa kalekale. Pamene kutali uko, pansi pa matanthwe a Nyanja Yofiira, adzukulu a nsomba zija akudikira kuti dzuwa lilowe, atavala kufiira kwawo konse mumdima.