Ndani waika mwala panjira ya wosaona?

Mphunzitsi akamaliza kulemba manotsi masiku ano, ntchito yotsala ndi yaing'ono. Amatenga foni, n'kujambula pepalalo, n'kuponya chithunzicho pa gulu la WhatsApp la kalasi. Posakhalitsa mayankho ayamba kugwa: "Talandira, aphunzitsi." Koma pagululo pangakhale wophunzira wosaona amene foni yake imamuwerengera zonse mokweza kudzera mu TalkBack, pulogalamu yopezeka m'mafoni a Android. Uthenga wotayipa imamuwerengera liwu ndi liwu. Ikafika pa pepala lolembedwa pamanja, kawirikawiri imangomuuza kuti apa pali chithunzi, basi. Masamba anayi a Biology athera m'liwu limodzi.

Mphunzitsiyo sanafunire munthu zoipa. Mwina watumiza usiku, atatopa, ndi bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba mwake. Kodi munthu angachimwire mnzake pa chinthu chimene wachita ndi mtima wabwino?

Buku la Levitiko, pa mutu 19 ndime 14, limaletsa kutukwana munthu wosamva ndi kuika chopunthwitsa patsogolo pa wosaona, ndipo limatsekera ndi kukumbutsa munthu kuti aziopa Mulungu. Chifukwa chake chili poyera. Wosamva sadzadziwa kuti watukwanidwa, ndipo wosaona akagwa sangaloze amene waika mwalawo. Milandu yotere ilibe mboni, kubwalo la amfumu siifika. Arabi achiyuda analitambasula lamuloli mpaka kukhudza munthu wopatsa mnzake malangizo olakwika pa nkhani imene mnzakeyo saidziwa. Pa mutu 4, buku lomweli likukamba za nsembe yoperekedwa pa tchimo lochita mosadziwa. Ndiye kuti m'chilamulo cha Mose kusadziwa sikumafafaniza mlandu. Munthu akangozindikira, pamakhala choti akonze.

Apa zipangizo za pa kompyuta zikusiyana ndi nyumba ya njerwa. Masitepe a laibulale yakale anamangidwa kale, ndipo kuti njinga ya munthu waulumali ikwere pamafunika simenti ndi mmisiri. Mawu otayipa sabadwa ndi chotchinga chilichonse. Chiganizo chimodzimodzicho chingawerengedwe mokweza, chingakulitsidwe kuti mwana wachialubino, amene maso ake nthawi zambiri saona bwino, asachite kugunditsa mphuno pa galasi la foni, ndipo chingatuluke ngati timadontho ta Braille pa kachipangizo kowerengera ndi zala. Njira zonsezi zimatsekedwa ndi dzanja la munthu, pamene wasandutsa mawu kukhala chithunzi kapena wasikana buku n'kupanga PDF yopanda zilembo zenizeni mkati mwake.

Malangizo ake alipo kuyambira 1999, pamene bungwe la W3C linatulutsa ndondomeko yotchedwa WCAG, yomwe yakonzedwanso mu 2008, 2018 ndi 2023. Zimene imafuna si zozizwitsa ayi. Chithunzi chikhale ndi mawu ochifotokoza, vidiyo ikhale ndi mawu olembedwa m'munsi, ndipo munthu amene dzanja lake silingagwire mausi azitha kuyenda pa tsamba lonse ndi kiyibodi yokha. Mtundu wa zilembo zing'onozing'ono usiyane ndi wa pansi pake pa mlingo wa 4.5 kwa 1. Zilembo zachikasu pamalo oyera, zimene okongoletsa maposita ena amazikonda kwambiri, sizifikako n'komwe.

Anthu aulumali si ochepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse azaka zisanu kupita m'mwamba m'Malawi ali ndi ulumali, ndipo achialubino anali 134,636. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, maphunziro a pulayimale anapita pa wailesi. Inali nzeru yabwino kwa ana ambiri a kumudzi. Kwa mwana wosamva wophunzira ku Mua kapena ku Maryview ku Nguludi, wailesiyo inali bokosi chabe.

Komabe kunena zoona, si chilungamo kusenzetsa katundu yense mphunzitsi wa ana 100 amene alibe ngakhale laputopu. Mlandu umakula malinga ndi mphamvu za munthu. Wosindikiza mabuku amene ali ndi fayilo yotayipa koma amatulutsa zithunzi zokhazokha, ndi ofesala amene amasainira kugula pulogalamu osafunsa ngati wosaona angaigwiritse ntchito, ali ndi zambiri zoyankha. Mphunzitsi naye ali ndi kagawo kake, ndipo chosangalatsa n'choti uthenga wotayipa umadya bandulo yochepa kuposa chithunzi.

Chovuta kwenikweni ndi mmene opembedza ambiri amaionera nkhaniyi. Amaiika m'gulu la zachifundo, pamodzi ndi mabulangete ndi sopo wa pa Khirisimasi. Zachifundo munthu amapereka zikamutsalira, ndipo wolandira amayenera kuthokoza ngakhale zitafika mochedwa. Wophunzira amene manotsi ake amafika mayeso atayandikira, anzake atawerenga kale, sanathandizidwe. Waberedwa masabata ake ophunzira, ndipo imeneyi ndi ngongole.

Asilamu ali ndi nkhani yolasa pamtima penipeni pa funsoli. Abdullah ibn Umm Maktum, munthu wosaona, anafika kwa Mtumiki Muhammad kufuna kuphunzitsidwa, Mtumikiyo ali mkati mokambirana ndi akuluakulu a fuko la Quraysh. Mtumiki anakwinya nkhope n'kupitiriza ndi akuluakulu aja. Sura 80 ya Qur'an, yotchedwa Abasa, imayamba ndi kudzudzula zimenezi. Tsono taganizani: Abdullah sakanatha kuiona nkhope yokwinyayo. Ndipo chifukwa chomudikiritsa chinali chomveka, poti kukopa atsogoleri kukanapindulira anthu ambiri. Ndi chifukwa chomwechi chimene okonza maphunziro amapereka lero, chakuti tiyambe ndi ambiri, ochepawa tidzawaona pambuyo. Qur'an sinachivomereze. Abdullah pambuyo pake anakhala woitanira anthu ku swala ku Madina, limodzi ndi Bilal.

Mtima wachifundo uli ndi vuto linanso, lokonda kuganizira anthu osawafunsa. Louis Braille anakonza zilembo zake za timadontho tisanu n'kamodzi ali ndi zaka 15, mu 1824, koma sukulu ya ku Paris imene anaphunzirako ndi kuphunzitsako inazivomereza mu 1854, iye atamwalira kale mu 1852. Aphunzitsi oona ankakonda zilembo wamba zotukuza, zimene iwo ankatha kuwerenga ndi maso. Mu 2006 mnyamata wosaona wa ku Australia, Michael Curran, anayamba kupanga NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza pa kompyuta, ndipo mnzake James Teh, nayenso wosaona, anagwirizana naye. Mpaka lero ndi yaulere.

Osamva anaona zoopsa kuposa apa. Ku Milan mu 1880, msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva, pafupifupi onse anthu akumva, ambiri mwa iwo ansembe ndi anthu a mpingo, unagamula kuti ana aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa m'malo mwa chinenero chamanja. M'sukulu zambiri ana ankalangidwa akapezeka akulankhulana ndi manja, ndipo aphunzitsi osamva anachotsedwa ntchito. Ogamulawo ankakhulupirira kuti akuwachitira anawo zabwino. Msonkhano wa mtundu womwewo unadzakana chigamulocho poyera ku Vancouver mu 2010, patatha zaka 130.

Kuno kwathu oti tiwafunse alipo, a Malawi Union of the Blind ndi a MANAD, bungwe la anthu osamva. Iwo ndi amene angamuuze wokonza vidiyo kuti mawu olembedwa m'munsi paokha sakwanira kwa mwana amene chinenero chake choyamba ndi chamanja, ndiponso mmene Chichewa chimamvekera chikamawerengedwa ndi liwu la makina lopangidwira Chingerezi.