Kodi N'koyenera Kupulumutsa Nyama Pamene Anthu Akuvutika?

MU March 2002, mlimi wina anaphedwa pafamu yake pafupi ndi Norton, m'boma la Chegutu ku Zimbabwe. Pamene anthu anafika, anapeza kagalu kake, kotchedwa Squeak, katadzipinda pambali pa mtembowo, ndipo sikanafune kuchokapo. Chithunzi cha kagaluko chinafalitsidwa m'manyuzipepala a m'maiko ambiri. Komabe, m'chigawo chimodzimodzicho munali mabanja ambirimbiri a antchito a m'mafamu amene anali atatsala opanda ntchito ndi pokhala, ndipo zithunzi zawo sizinafike kutali motero. Zimenezi zikudzutsa funso lofuna kulilingalira mosamalitsa: Kodi n'koyenera kuthera nthaŵi, ndalama, ndi mankhwala pa nyama pamene anthu akuvutika?

Zimene Zinachitika m'Mafamu

Kuyambira mu 2000, pamene mafamu aakulu anayamba kulandidwa m'Zimbabwe, eni ake ambiri anachoka mofulumira. Agalu anatsala otsekeredwa m'mipanda, akavalo anasoŵa madzi, ndipo nkhumba ndi ng'ombe zinatha masiku popanda wozipatsa chakudya. Meryl Harrison, amene panthaŵiyo anali woyendera wamkulu wa bungwe la ZNSPCA loletsa nkhanza kwa nyama, anayenda m'mafamu ambiri limodzi ndi kagulu ka anzake. Kaŵirikaŵiri iwo anafunikira kukambitsirana choyamba ndi apolisi ndiponso ndi awo amene anali ataloŵa pafamupo. Nyama zina zinachira zitapatsidwa mankhwala ndi madokotala a ziŵeto. Zina zinali zitavulala kwambiri kwakuti chifundo chokha chimene chinatsala chinali kuzipha mosazizunza.

Koma bwanji za antchito? M'madera a Kadoma ndi Chegutu, ambiri a iwo anali ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malaŵi, Zambia, ndi Mozambique, amene anadza kudzagwira ntchito m'migodi ya golidi ndi m'minda ya thonje. Ambiri analibe mudzi wobwererako m'Zimbabwe, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ochuluka a iwo opanda dziko lotcha lawo, mkhalidwe umene malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 anayamba kuwongolera. Munthu wotero akanatha kufunsa moŵaŵidwa mtima chifukwa chake galimoto inadza kudzatenga galu koma iye n'kumusiya.

Phunziro la ku Kariba

Funsoli si lachilendo m'chigawo chino. Pamene madzi anayamba kudzaza nyanja ya Kariba mu 1958, nyama zakuthengo zinatsekerezedwa pa zisumbu zimene zinali kumira. Rupert Fothergill ndi amuna ake anapita ndi mabwato ndi maukonde, ndipo pofika mu 1964 anali atapulumutsa nyama zoposa 6,000, kuphatikizapo zipembere, agwape, ngakhale njoka. Ntchito imeneyo, yotchedwa Operation Noah, inatchuka kutali. Panthaŵi imodzimodziyo, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi kumka kumalo ouma, kusiya minda ndi manda a makolo awo, ndipo ochepa okha kunja kwa chigwacho anamva kulira kwawo.

Kodi cholakwa chinali pati? Ndithudi sichinali m'bwato limene linanyamula gwape. Ngakhale nyama zonsezo zikanasiyidwa kuti zimire, palibe Mtonga ndi mmodzi yemwe amene akanabwezeredwa munda wake. Cholakwa chinali chakuti awo amene anali ndi mphamvu yosamalira anthu sanawasamalire mokwanira, ndipo dziko linapeza kukhala kosavuta kumvera chisoni nyama, imene siidandaula ndipo siifuna chiweruzo cholungama.

Thayo Limene Munthu Sangalikane

Galu, bulu, kapena ng'ombe ya pagoli siinasankhe kukhala m'manja mwa munthu. Munthu ndiye anaiŵeta, naichititsa kudalira chakudya chake ndi madzi ake. Motero, pamene anthu akangana ndi kusiya chiŵeto chitamangidwa padzuŵa, icho chikulipira mlandu umene sichinapalamule. Kuchimasula kuli kubweza ngongole imene anthu ali nayo kale.

Ndiponso, thanzi la nyama ndi la anthu nzolukanalukana. Chiŵewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, makamaka mu Afirika ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga mwa kulumidwa ndi galu. Akatswiri apeza kuti kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera kumaimitsa kufalikira kwa nthendayo. Zimbabwe anaphunzira zofananazo pakati pa 1978 ndi 1980, pamene nkhondo inadodometsa ntchito ya madokotala a ziŵeto kumidzi ndipo anthu oposa 10,000 anadwala anthrax, nthenda yochokera ku ng'ombe. Dokotala amene amabaya galu wa pamudzi amatetezeranso mwana amene amaseŵera ndi galuyo.

Kuika Zinthu m'Malo Ake

Pamenepa, kodi yankho nlotani? Moyo wa munthu ngwamtengo wapatali kuposa wa nyama, ndipo ngati pali mkate umodzi wokha, uyenera kupita kwa mwana wanjala. Komabe, nthaŵi zambiri chosankhacho sichimakhala chotero. Dokotala wa ziŵeto sakanatha kupatsa wantchito wa ku Chegutu chiphaso cha unzika, koma akanatha kusoka bala la kavalo, ndipo anachita bwino kulisoka. Funso lalikulu linali kwa ena onse amene anaona chithunzi cha Squeak nakhudzidwa mtima: Kodi anafunsanso za mkazi amene anali kuphika m'nyumba za antchito, kapena za ana ake amene sukulu yawo ya pafamu inatsekedwa? Munthu amene amamvera chifundo galu wokhulupirika ayenera kufunsanso za wantchito wa pafamu imodzimodziyo, ndi kuchitapo kanthu pa zimene wapeza.