Chikomekome cha Mkuyu

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," amatero akuluakulu. Nkhuyu imafiira mokopa maso, koma ukaing'amba umapeza nyerere zili piringupiringu. Chikhulupiriro chongothera pa yunifolomu ya Mvano ndi mawu anthetemya a kwaya chili chimodzimodzi. Pa Mateyu 13, Yesu anafotokoza za mbewu yogwera pamiyala, imene inamera msanga koma n'kufota dzuwa litakula poti inalibe mizu. Ena amati zamumtima amazidziwa Mulungu yekha, choncho tisaweruzane. N'zoonadi, komabe mizu yobisika imadziwika ndi zipatso: wogula mbewu wosabera alimi pa sikelo, mlamu wosalanda katundu wa mayi wamasiye maliro akatha. Mwambiwu ukutipempha kudzifufuza tokha, chifukwa chikhulupiriro chimazika mizu pamene munthu akumvera Mawu ngakhale palibe womuona.