Marita ndi poto wa mpunga wa maungu

Agogo amene ndimawasamalira kuno ku Mantova, kumpoto kwa Italy, miyendo inawakana kalekale. Lamulungu lambiri sindipita ku Misa chifukwa palibe wowasiyira. Mabelu a tchalitchi akamalira ine ndimakhala ndili kukhitchini, ndipo kwa nthawi yaitali zimenezi zinkandidya mumtima. Ndinakulira m'kwaya ine. Ndinkadzifunsa ngati Mulungu amawerengerako nthawi imene munthu wathera pamoto, kapena kwa Iye ndi nthawi yongotayika.

Maungu akayamba kupezeka, cha mu Okutobala, agogowa safuna china koma risotto ya dzungu. Anandiphunzitsa okha, ali pa njinga yawo ya olumala pakhomo la khitchini. Tsiku loyamba ndinatenga mpunga kuti nditsuke monga timachitira ndi Kilombero wa ku Karonga. Anakuwa ngati ndaponda mwana. Mpunga wa risotto satsuka. Ndi wa njere zazifupi zonenepa, Carnaroli, Arborio kapena Vialone Nano, wolimidwa m'chigwa cha mtsinje wa Po, ndipo kaufa kamene kali pa njerezo ndi kamene kamachititsa kuti chakudyacho chikhale chasee ngati mwathiramo mkaka, pomwe mkaka mulibe.

Mumayamba ndi anyezi, kumukazinga pang'onopang'ono mu batala osalola kuti afiire. Kenako dzungu loduladula ting'onoting'ono, mpaka lifewe. Mukathira mpunga mumaukazinga wouma mphindi ziwiri, njere zitenthe, nkuthiramo vinyo woyera pang'ono. Apa ndiye pamene pamayambira ntchito. Pambali pamakhala poto wina wa msuzi wowira, ndipo mumatunga chikho chimodzi, kuthira, kutakasa, kudikira mpunga umwe, nkuthiranso china. Mphindi pafupifupi 18 muli chilili. Kwathu mpunga timauvindikira, kuika makala pa chivindikiro, nkupita kukachapa. Uwu ukangoutembenukira msana wagwira pansi. Msuzi ukakhala wozizira umadodometsa kuwira, ukauthira wonse nthawi imodzi waphika phala.

Tsiku lina ndikutakasa choncho, mabelu akulira, ndinakumbukira Marita wa pa Luka 10:38-42. Ndimvereni, nkhani imeneyi inkandipweteka kuyambira ndili mtsikana. Mlendo wafika, wina wakhala pansi kumvetsera, wina ali pamoto, ndipo woyamikiridwa ndi wokhala pansiyo. Amayi anga ankaphikira azibusa ndi alendo a mpingo moyo wawo wonse, nthawi zambiri ulaliki unkatha iwo ali kuseri ndi mthiko m'manja. Kodi iwowo anasankha gawo lochepa?

Nditawerenganso mofatsa ndinaona kuti Yesu sanamuuze Marita kuti achoke pamoto. Chimene anatchula ndi nkhawa yake ndi kutekeseka ndi zambiri. Manja anali pa mphika, maso ali pa m'bale wake wokhala pansi uja, mtima ukuwerengera amene wagwira ntchito ndi amene sanagwire. Ndinadzizindikira pomwepo. Inenso thupi linkakhala kukhitchini, mtima uli kutchalitchi, kwinaku ndikuwaimba mlandu agogo mwakachetechete kuti andimanitsa Misa. Sindinali ku Misa, komanso sindinali nawo iwo. Ndipo Yohane 12 akutionetsa Marita yemweyo ku Betaniya akutumikiranso pa chakudya, popanda womudzudzula. Ndi iyenso, pa Yohane 11, amene anavomereza poyera kuti Yesu ndi Khristu, mlongo wake Lazaro ali m'manda.

Sindikunena kuti poto ndi guwa. Ukaristia ndimausowa, ndipo ndikapeza wondigwirira ndimathamangira Misa ya madzulo. Pali anthu amene amabisala kuseri kwa ntchito pothawa kukhala chete pamaso pa Mulungu, ndipo ine ndikhoza kukhala mmodzi wa iwo. Koma Benedikito woyera, m'malamulo amene analembera amonke ake zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, anauza wosunga katundu wa nyumba kuti ziwiya zonse azizisamala ngati ziwiya zopatulika za paguwa. Benedikito ankadziwa kuti pemphero lalikulu silithera pakhomo la tchalitchi.

Risotto inandiphunzitsa chinthu chimene ndinkalephera ngakhale nditagwada: kukhala pamalo amodzi ndi mtima wonse. Foni ndimaisiya kuchipinda. Ndimamvetsera kulira kwa poto, chifukwa msuzi ukamatha phokoso limasintha, limayamba kuthetheka. Ndimaona dzungu likusungunuka, mpunga nkusanduka wachikasu. Chikho chilichonse ndimatchula dzina la munthu mmodzi: amayi, ana anga awiri amene ndinawasiya kumudzi, agogo ali pakhomowa. Zikho zimakwana zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu.

Njere ikafewa koma pakati ikadali ndi kamtima, mumaphula. Mumaponyamo batala wozizira ndi tchizi cha Grana Padano chopala, nkutakasa mwamphamvu, kenako kuvindikira mphindi imodzi. Mukapendeketsa mbale, risotto iyenera kuyenda ngati funde, anthu akuno amati all'onda. Siidikira munthu, imadyedwa nthawi yomweyo.

Agogo manja awo amanjenjemera, choncho ndimawadyetsa ndine, supuni imodzi imodzi, ndikuuzira kaye kuti asapse. Lamulungu lapitali anadya mbale yonse, ndipo tisanayambe anandigwira dzanja kuti tipemphere, iwo m'Chitaliyana, ine m'Chichewa.