Kwa Ana Athu a Kucilendo

M'caka ca 1899 amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata. Anadutsa mapiri ndi madambo kucokera ku Nyasaland, nakhala alendo m'dziko la Mpezeni. Pambuyo pace ana athu nawonso anamuka ku migodi ya Kitwe ndi Johannesburg. Ena anabwerako, ena anasanduka macona. Kufikira lero ulendowo sunathe.

Inu okhala kutali, kumbukani Yakobo pa Beteli. Anagona kuthengo yekha, natsamira mwala, koma Mulungu anali pomwepo. Cifukwa cace musanene kuti kuno sandiona munthu. Amai anu akalamba, ndipo munda wamera chire. Atumizireni mau ndi thandizo akali moyo.

Ndipo ife otsala tilandire mlendo bwino, pakuti wathunso akupempha madzi pakhomo la eni. Amen.